Mapesi a aNangozo

Funsani aliyense pamsika wa Mayani, akuuzani kuti wondidyera masuku pamutu ine sanabadwe. Ndikukumbukira kuti kudzitama kumeneku ndinakuyamba ndili kamnyamata, chaka chimene bambo anatengedwa kukasenza katundu kunkhondo ya azungu.

Mayi anandipatsa kamunda ka kuseri kwa nyumba, koti chimanga chake chidzatiwolotse mwezi wa njala. Mdani wanga anali mbuzi. Mpanda ndinkaufuna, koma kukadula mitengo kuphiri, m'chisanu cha kwathu chija, ndinkati ndi ntchito ya anthu osadziwa malonda.

Mayi wina wofulula mowa, aNangozo, anali ataunjika mapesi kumunda kwawo. Ndinapitako ndi mpani wa mbewa zowamba.

"Mapesiwa ngootcha, mwanawe," anatero. "Muli alendo m'katimu."

Ndinaseka chamumtima. Wamalonda akayamba kukana ndiye kuti akufuna mipani iwiri. Ndinakakamira umodzi womwewo, ndipo mbewa yonona ndinaisolola n'kuidya iwo akuona.

"Senzani, abwana amalonda," anatero akupukusa mutu.

Mpanda unaima, mbuzi n'kumangosuzumira. Mvula itagwa, chimanga chitabiriwira, madzulo ndinkaona timagulugufe totuwa tikutuluka mumpandamo n'kumatera pamasamba. Ine ndinkati tikusirira ulimi wanga. Posakhalitsa masamba anabooka, nsonga zinauma. Nditathyola phesi limodzi ndinapeza mphutsi yonenepa kuposa ine: kapuchi. Alendo aja anagona m'mapesi ouma chilimwe chonse, ine n'kuwasenza pamutu kudzawatula pachakudya, n'kulipiranso.

Mayi sanandimenye. Anangoyang'ana kamlongo kanga kakuyamwa chala pakhonde. Ndikanakonda chikoti.

Njala itafika pakhosi, aNangozo anatulukira ndi dengu la chimanga chachiwisi cha kumunda kwawo, chopanda bowo ndi limodzi lomwe.

"Si zaulere izi, abwana amalonda. Mbewa chilimwe chonse. Ndipo yonona muziisiya pampani pomwepo."

Ndinakumba mbewa mpaka zikhatho kuchita matuza. Mpaka lero ndikamva fungo la mapesi akupsa, ndimamva kuseka kwa aNangozo, ndipo mwini katundu akamanyoza katundu wake ndimatseka pakamwa n'kutchera khutu.

Komabe tiyeni tiweruze bwino. Iwo ndinawachotsera tizilombo, mbewa anadya. Ife njala tinawoloka, ndipo mbuzi sinalowe ngakhale imodzi. Inu mukuti anapambana ndani?