Lachisanu Lomwe Ndinadikira ku Gigiri

Ndinali dalaivala wa bungwe lina ku Nairobi. Sabata imeneyo anandipatsa alendo awiri ochokera ku Asia, nthumwi za msonkhano wa ku Gigiri, dera lina la mumzindawo. Mayiko awo ndi oyandikana. M'galimoto sankalankhulana.

Wachikulire mwa awiriwo ndiye anandiuza nkhani yake. Kwawo kwa mnzakeyo makampani amaumitsa madambo n'kuwatentha kuti abzalemo mitengo ya mafuta. Nthaka ya m'dambo imanyeka chapansipansi miyezi yambiri. Mphepo imanyamula utsi n'kukautula m'dziko la wachikulireyo. Sukulu zimatsekedwa, ana amadzaza m'zipatala. Iye ankafuna pangano lolanga otenthawo. Mnzakeyo ankati eni makampani ena ndi a kwawo kwa odandaulawo.

Ine ndinkangogwedeza mutu.

Mkazi wanga ankadwala mphumu. Tinkakhala ku Kangemi, komwe zinyalala amazitentha pakhomo. Lachisanu anadzuka chifuwa chikulira.

"Bambo, lero musandisiye."

"Msonkhano utha 12 koloko. Ndibwera ndi galimoto, tipite kuchipatala."

"Inu ndi ma 12 koloko anuwo," anaseka, chifuwa n'kumugwira.

Nthawiyo inakwana. Madalaivala tinali pansi pa mtengo, poimika magalimoto. Wina wa ku Kenya konko anabwera ndi uthenga: nthumwi zikukanganabe kuti utsi ndi wa ndani. Lamulo la ntchito linali lakuti galimoto isachoke alendo asanatuluke. Ndinaimbira bwana. Sanayankhe.

Cha m'ma 2 koloko mkazi wanga anaimba. Mawu sindinawamve, mpweya wokha. Ndinaimbira mayi wina wa kutchalitchi kwathu, Mmalawi mnzathu, kuti amuperekeze kuchipatala pa minibasi, zomwe kumeneko amazitcha matatu. Makiyi a galimoto anali m'thumba langa. Ndinawagwira. Sindinadzuke pomwe ndinakhala.

Alendo anatuluka 5 koloko. Ndinafunsa wachikulire uja ngati agwirizana. Anati agwirizana zodzakumananso chaka chamawa. Ndinakawatula ku hotela. Pa msewu wa Waiyaki Way magalimoto anali atathithikana. Sindinalize hutala.

Kuchipatala ndinapeza mayi aja pa benchi, nsapato za mkazi wanga atazikulunga m'chitenje. Atandiona anatsika pa benchipo n'kukhala pansi.

Namwino anandipatsa pepala. Ndinasaina. Anandifunsa ngati thupi lipita ku Malawi kapena tiika konkuno. Ndinati ndiyankha mawa masana. Alendo ndege yawo inali ya m'mawa, ndipo panalibe wina wowapititsa ku bwalo la ndege.