Nyerere pa Botolo Langa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, masiku aja mtsikana sankayerekeza kuvala buluku. Tinkakhala m'nyumba za kampani pa esiteti, kumene mayi ankathyola tiyi. Sukulu inalamula kuti aliyense ayambe wayezedwa kuchipatala, ndipo kumalayini kwathu kunamveka mphekesera yoti wopezeka ndi matenda malo ake amapatsidwa wina.

Anatiuza kuti kukafunika mkodzo. Ine ndi manyazi anga a unamwali ndinakanitsitsa kuti sindingadutse pagulu nditanyamula kachitini. Mayi anati tikonzeretu kunyumba. Anasankha botolo lokongola kuposa onse, limene munali uchi, chifukwa kwa adokotala supita ndi chinthu chonyozeka. Analitsukuluza ndi madzi ozizira okha, poopa kuti sopo angasokoneze mankhwala.

Tinapuma pa Chitakale, botolo tinaliika pansi lili m'kansalu. Ponyamuka tinapeza nyerere zitaunjikana pachitsekerero. Mayi nkhope inagwa. Mlongo wawo anamwalira ndi matenda a shuga, ndipo ankati pamene wakodza nyerere zinkasonkhanapo. Njira yotsalayo anandigwira dzanja ngati kamwana. Ndinachita mantha kwambiri.

Namwino amene anatilandira anali mayi wamtali wa magalasi. Anatulutsa kapepala kowonda m'kabotolo n'kutseka msanga, akudandaula kuti chinyezi cha kuno ku Mulanje chimawononga timapepalati. Anakaviika mumkodzo uja, n'kuyang'ana wotchi ya pachifuwa pawo, chifukwa ukafulumira kapena kuchedwa kuwerenga kamakunamiza. Kenako anakayerekeza ndi mitundu yojambulidwa pakabotolo paja. Kanali katasanduka kofiirira, mtundu wakumapeto kwenikweni, wosonyeza shuga wambiri. Ndinaona sekondale yanga ikupita.

Koma namwinoyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anandifunsa ngati ndimamva ludzu losatha, kapena ngati ndayamba kuwonda. Kuwonda kuti, ine ndinali ngati dzungu. Anatenga chitsekerero chija n'kuchinunkhiza.

"Mayi, m'botolomu munali chiyani?"

"Uchi, anesi. Komatu ndatsuka."

"Kapepalaka sikamudziwa mwana wanu," anatero namwino uja, akudziletsa kuseka. "Kali ndi mankhwala amene amasintha mtundu akakumana ndi shuga, kaya wa m'thupi, kaya wa njuchi. Iwe mtsikana, tenga kachitini aka."

Ndinadutsa pagulu lomwe lija ndinkaliopa, kupita ndi kubwera, kachitini kali poyera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatukula mutu. Aliyense anali ndi ululu wake.

Kapepala kachiwiri kanaviikidwa. Namwino anayang'ana wotchi, ine ndinayang'ana mayi, amene milomo yawo inkagwedera ndi pemphero. Mtundu sunasinthe. Mayi anangokhala pansi pasimenti pomwepo, n'kuseka mpaka misozi.

"Mwanawe, ndikanakuphera sukulu ndi ulemu wangawu," anatero.

Pobwerera anagula chinanazi, tinadyera pamsewu madzi akuyenderera m'zigongono. Sindinadyenso chinanazi chokoma ngati chimenecho.

Ndaphunzitsa ana mpaka kupuma pantchito, ndipo tsopano ndimakayezetsa shuga kawirikawiri monga amachitira okalamba anzanga. Ndinazindikira kuti choyezera chimangoyankha zimene wachipatsa, ndiye yankho likakuopsa, usayambe kulira maliro usanafunse kuti m'botolo munali chiyani. Akuti manyazi anapha lambe, ine anatsala pang'ono kundiphera sekondale. N'chifukwa chake ndikaona namwali pamzere akubisa kabotolo m'chitenje, ndimanyamula kachitini kanga m'mwamba ngati kapu ya tiyi, kuti andione.