Tsogolani, a Chule

Dzina loti Chule analipeza pantchito. Zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akusamala dziwe losambiramo la pahotela, ndipo munthu ukakhalitsa chotero m'mbali mwa madzi, anzako sasowa chokutchula. M'mawa uliwonse ankawola masamba ndi kaukonde ka pandodo yaitali, kukwecha ndere m'makona, kuthira mankhwala, n'kuyala matawulo pamipando. Alendo ankalidziwa dziwelo, koma iyeyo sankamuona n'komwe. A Manijala ankamuitana kuti "iwe Chule," ngakhale kuti Chuleyo anali wamkulu kwa iwo ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo iye ankayankha kuti "bwana," chipewa chili m'manja.

Kusambira anaphunzira mwakuba, m'mamawa alendo asanadzuke. Kwawo kunali makilomita khumi ndi asanu ndi anayi kuchokera pahotelapo, ndipo ankapalasa njinga popita ndi pobwerera. Njingayo ikafa ankathamanga wapansi kuopa kuchedwa. Choncho Chule anakhala zaka zambiri akusambira, kupalasa ndi kuthamanga, osadziwa kuti kuli anthu amene amachita zitatuzi motsatizana tsiku limodzi, n'kupatsidwa mendulo. Dzina lachizungu la mpikisanowo linkamupiringiza lilime, ndiye ankangoti Zitatu.

Anazidziwa tsiku limene mwini hotela anakhoma chikalata pakhomo la khitchini. Hotela idzatumiza antchito anayi ku Zitatu. Ofuna ayambe apalasa nawo ulendo waukulu wa njinga wa makilomita zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, umene umachitika chaka ndi chaka, ndipo anayi oyamba kufika isanakwane 2 koloko masana ndiwo adzapite. Analembetsa a Manijala, mlamu wawo wosunga katundu, ndi akalaliki awiri a mu ofesi. Anayi ndendende, nkhani n'kutha. Kenaka pansi pa maina awo panaoneka lachisanu, lolembedwa ndi pensulo.

Chule ankapuma pantchito chaka chotsatira. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: alowe m'madzi kamodzi kokha dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, osati mobisala ngati mbava.

Anaseka anthu a mu ofesi mpaka kugwira nthiti. A Manijala nawo anaseka, kufikira m'mawa wina pamene analawirira n'kumupeza ali m'dziwe. Anaima kuseri kwa maluwa, maso pa wotchi. Chule atatuluka m'madzi, anakonzeka kukalipiridwa, koma bwanayo anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuchoka. Chule anauza mkazi wake kuti a Manijala ali ndi mtima wabwino. Mayiyo, amene anali telala ndipo ankadziwa anthu powayeza m'chiuno, anangoti, "Abambo, galu akasiya kuuwa mpamene muziyang'ana kumiyendo." Komabe anamusokera kabudula, n'kuikamo siponji ya khushoni yakale kuti chishalo chisamunyule.

Tsiku la ulendo, pabwalo poyambira panali njinga mazanamazana, zina zopepuka zoti mwana n'kunyamula ndi chala. Ya Chule inali yachitsulo, ya magiya asanu, tcheni chopakidwa oyilo wakuda. Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunaima kagalimoto kokhala ndi tsache lomangirira padenga. Ntchito yake inali kutola amene nthawi yawathera panjira. Dalaivala wake, mkulu wa imvi amene nayenso anapalasapo pa unyamata wake, anayang'ana akatumba a Chule n'kumukodola.

"Achimwene, koyamba?"

"Koyamba."

"Mverani. Ulendo wautali mdani ndi mphepo. Amene ali kutsogolo ndiye amaing'amba, a m'mbuyo amangotsetsereka m'mthunzi mwake. Ndiye mumasinthana. Mukatopa, gwedezani chigongono kawiri, chonchi, wa m'mbuyo alowe kutsogolo inu mupume. Musaiwale chigongono."

Chule anathokoza, n'kuyeserera kawiri, n'kupita kukaima kumbuyo kwa mabwana ake, kumene anazolowera kuima.

Wezulo italira, a Manijala anacheuka akumwetulira. "A Chule, bwerani kuno. Akuluakulu sakhala m'mbuyo. Tsogolani."

Inu, kamawu kamodzi. Zaka makumi awiri ndi zitatu za "iwe," lero "a Chule," pamaso pa akalaliki. Munthu wamkulu, wa zidzukulu ziwiri, anamva misozi ikulengeza. Anadutsa anayiwo atazyolika ngati akulowa m'tchalitchi, n'kukhala kutsogolo, ndipo iwo anandanda kumbuyo kwa tayala lake.

Anapalasa. Kunena zoona, bamboyo ankadziwa kupalasa. Anadutsa mafakitale, mlatho wa njanji, minda, n'kulowa m'chigwa chopanda mtengo m'mene mphepo inkabwera molunjika kumaso. Magulu ena ankasinthana pakapita mphindi zingapo, wakutsogolo kugwedeza chigongono, mnzake kulowa. Gulu la hotela lokha ndilo linali ndi mutu umodzi. Kumbuyo kwake Chule ankamva macheza, wina akusenda nthochi, mlamu uja akusimba za galimoto imene ankaisirira.

Pa makilomita makumi asanu ndi limodzi mpweya unayamba kuchepa. Anakumbukira dalaivala uja. Chigongono chinadzuka pang'ono kuchoka m'nthiti, koma amene anali kumbuyo kwake anali a Manijala. Kodi munthu amalozera bwana wake ntchito ndi chigongono? Chule anakula akudziwa kuti wamkulu sumupatsa chinthu ndi dzanja limodzi, nanga chigongono? Chidakali m'malere choncho, mawu anafika.

"A Chule, mukuyendetsa bwino zedi. Ife pamenepo sitingathe. Pitirizani, akulu."

Chigongono chinabwerera m'malo mwake, ndipo miyendo inapeza mphamvu zina zimene sankadziwa kuti ali nazo. Ankamudyera masuku pamutu iye akuweramitsa mutuwo kuti adye bwino.

Pamalo omwera madzi sanaimepo, chifukwa a Manijala anati nthawi ndi yochepa. Patsogolo pang'ono mlamu uja anadandaula kuti botolo lake latha. "A Chule, tigawireniko." Chule anatambasula dzanja kumbuyo n'kupereka lake. Silinabwerere. Pa makilomita zana pakamwa panali gwa, m'mphepete mwa milomo muli mchere, ndipo chigongono chinayesanso kachiwiri. Ulendo uno anayankha ndi kalaliki wamng'ono, mnyamata wa msinkhu wa mwana wake woyamba: "Osafooka, a Chule, tikudalira inu." Ngakhale ameneyu Chule anachita naye manyazi.

Chitunda chomaliza chinali pa makilomita zana ndi makumi anayi. Anachiona chikubwera, chachitali, phula likunyezimira ndi dzuwa. Atangoyamba kukwera, minofu ya m'ntchafu inakokana ngati yamangidwa mfundo. Njinga inayamba kuyenda mokhotakhota. Apo ndi pamene anamva magiya anayi akulira kumbuyo, onse nthawi imodzi, ngati anthu opangana.

Anamudutsa kumanja, mmodzimmodzi, miyendo yatsopano ngati angodzuka kumene. A Manijala sanacheuke. Akalaliki sanacheuke. Mlamu yekha ndiye anacheuka, n'kuponya botolo lopanda kanthu lija m'mbali mwa msewu. "Botolo lanu ilo, madala."

Chule anatsika kukalitola, chifukwa linali la mkazi wake.

Chitundacho anachikwera akukankha. Pamtsetse anakweranso njinga, koma miyendo inali ya munthu wina. Anthu amene anawadutsa m'mawa anayamba kumudutsa, amayi onenepa, nkhalamba ya ndevu, ena awiri okwera njinga imodzi. Aliyense ankamuuza kuti alimbe mtima. Kenaka kumbuyo kunamveka injini yoyenda pang'onopang'ono, yosafuna kupitirira. Sanafune kucheuka. Anapalasabe, galimotoyo ili pambuyo pake, mpaka anayamba kumva chimkuzamawu cha pomalizira chikutchula manambala a ofika. Panatsala makilomita atatu pamene hutala inalira kamodzi, mwaulemu.

Dalaivala wa imvi anatsika, n'kumuonetsa wotchi. Anamumasula mapini anayi a nambala ya pamsana, n'kukweza njinga yachitsulo ija pansi pa tsache. Anamupatsa madzi, n'kudikira amwe.

"Ndinakuuzani za chigongono, achimwene."

"Anali mabwana. Timalimbirana malo a ku Zitatu, zosambira, kupalasa ndi kuthamanga zija."

"Ndinakuonani m'chigwa muja. Makilomita zana ndi makumi anayi, nokha, mukukoka anthu anayi ndi chitsulo ichi." Anapukusa mutu akuliza galimoto. "Kodi lamulo la ku Zitatu kuja mukulidziwa? Kumene kuja n'koletsedwa kubisala kumbuyo kwa mnzako. Aliyense amang'amba mphepo yake. Mukanawasiya onse anayi, mwina n'kusamba, n'kuvala, iwo asanafike. Iwo aja akudziwa. Amene samadziwa ndinu nokha."

 Chimene chinamupweteka Chule si miyendo ayi, koma kukumbukira misozi ija ya m'mawa.

Pomalizira anafika atakhala pampando wa galimoto, ndipo ana anaombera m'manja tsache. Mkazi wake anali chiimire pa chingwe ndi tawulo, kuyambira 12 koloko. Chapatali anayi aja ankajambulitsa, mendulo m'khosi, atakolekana manja m'mapewa. Mayiyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangolandira botolo lake n'kuligwedeza, n'kuliika m'chikwama.

Lolemba Chule anafika pantchito nthawi yake, akutsimphina. Pakhomo la khitchini panali chikalata chatsopano: dziwe likhala la anthu anayi a ku Zitatu m'mawa uliwonse, wina aliyense asalowemo. Anawapeza ali kale m'madzi, mlamu uja akuphiriphitha ngati nkhuku yagwera m'chitsime. A Manijala anafika kumapeto, n'kugwira m'mbali, n'kukweza magalasi osambirira pamphumi.

"Iwe Chule, tsamba ilo. Ukuona ngati lichoka lokha?"

"Bwana."

Anatenga kaukonde ka pandodo yaitali n'kuweramira pamadzi. Ali chiweramire choncho, chigongono chake chinagwedera chokha, kawiri, monga anamuphunzitsira dalaivala uja. Kumbuyo kwake kunalibe munthu.