A Gerevazio ndi Ng'ombe Yothawa Nkhondo

Kumapiri a kwa Mphunzi kuno, mukafunsa za a Gerevazio, anthu amayamba aseka kaye kenako n'kukuyankhani. Anali mkamwini. Kwawo kunali ku Kasina, koma anadzakwatira mayi Jestina m'mudzi muno, n'kumalima munda wa akazi awo, kugona m'nyumba ya pa dothi la akazi awo, ngakhale mthunzi umene ankapumirapo unali wa mtengo wa mapichesi wa apongozi awo. Chawochawo chinali miyendo iwiri yowonda ngati ya kakowa, ndi makutu.

Makutuwo ndi amene sanawapatse mtendere moyo wawo wonse. Mbuzi ikalira kuseri kwa phiri, ena onse ankamva mphepo, iwo ankamva mbuzi. "Imeneyo si ya kuno," atero, khasu pansi, ulendo. Pamaliro ankanyamuka nyimbo ili pakati. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi chitseko, moti akatekisiti anazolowera kuti akatsinzina popemphera, potsegula maso a Gerevazio palibe. Ankabwerera dzuwa litapendeka, miyendo ili zikande zokhazokha, kambuzi kali paphewa, kapena nkhumba ikuwakoka ndi chingwe, osadziwika kuti wagwira mnzake ndani.

Musaganize kuti anali katswiri wa za Chikhristu. Katekisimu anaibwereza mpaka ndevu zinamera, ndipo akuti bambo mfumu anawabatiza chifukwa chotopa nawo. Koma kanthu kamodzi kanalowa m'mutumo ndipo sikanatulukenso.

"Ambuye atabwera pansi pano, anthufe tinawatsekera zitseko," ankatero. "Anawalandira ndani? Ziweto. Zinawasiyira chodyeramo kuti agonemo. Ndiye ine lero ndione ng'ombe ikugona pa chisanu, ndidutse? Tsiku lomaliza ndikawayang'ana ndi maso ati?"

Kuseri kwa nyumba anamangako khola la alendo. Lamulungu limene apirira mpaka kumapeto a mapemphero, ankaimirira pa nthawi ya zolengeza. "Kwathu kuli mbuzi yaikazi yakuda. Ili ndi chizindikiro. Mwini wake abwere adzanene pamene chili."

Ankhuli a nyama sankalephera kubwera.

"Chili kukhutu, achimwene."

"Khutu liti?"

"Lamanzere. Kapena lamanja. Zimatengera mwaima mbali iti."

"Pitani mukaime bwino, mubwere mawa."

Mwini weniweni akapezeka, a Gerevazio sankalandira kanthu, ngakhale dzira. Poyamba ankafuna azimusenzetsanso ndowe zake, akuti nazonso ndi za mwini mbuzi, koma pamenepo mayi Jestina anaponda mwala. "Zadya udzu wa makolo anga, ndowe zitsale pano." Ndipo mbatatesi zawo zinkakula ngati zibakera.

Amene ankadana nalo kholalo anali a Ezara, mchimwene wake wa mayi Jestina, mwini mbumba. Iwowa anali ndi dimba lalikulu la mbatatesi ndi kabichi m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mpanda wake ankaukonda kuposa akazi awo. Akakumana panjira ankafunsa, "Alamu, pano munabwerera ukwati kapena kudzatsegula chipatala cha mbuzi?" A Gerevazio ankangoseka, khutu lili kwina.

Chaka chimene nkhondo ya ku Mozambiki inafika poipa, anthu akuwoloka malire ndi mitolo pamutu, a Gerevazio anapeza ng'ombe m'chigwembe. Inali yaikazi, yofiira, chingwe choduka chili m'khosi, mwendo wakumbuyo uli ndi bala lochita mphutsi. Bere linali litatupa ngati mtsuko, koma mwana panalibe. Anaikoka mpaka kukhola, kuitsuka bala ndi madzi amchere, kenako n'kuikama kuti ipepukidwe. Atatha kukama, anatenga chidebe chonse khuthu! pansi.

Mayi Jestina anaona ndi maso awo.

"Bambo a Elena! Mwachita misala? Ana anu akumwa phala lamadzi okhaokha, inu mukumwetsa dothi?"

"Si wathu, mayi a Elena. Mwini wake sanatipatse."

"Mwini wake ali kuti? Mwina anafa kalekale!"

"Ndiye akaneneze ine kumwambako kuti ndinamudyera?"

Tsiku ndi tsiku mkaka unkapita m'dothi, ndipo tsiku ndi tsiku nkhope ya mayi Jestina inkaderaderabe. Ng'ombe nayo sinali mlendo waulemu. Siinkadya mokhazikika, siinkagona. Inkangozungulira m'kholamo, kuima choyang'ana kumadzulo kumene inachokera, n'kumalira kulira kotalika kofuna mwana. Mudzi wonse unasowa nayo mtendere. A Gerevazio nawo anayamba kuzungulira nayo limodzi, iyo m'kati, iwo kunja.

Mwendo utapola, m'mawa wina inathyola khola. Njira yachidule ya kumalire inkadutsa pati? Pa dimba la a Ezara. Inalowa ndi mpanda womwe, kupondaponda mizere ya mbatatesi zochita maluwa, kabichi kumuluma pano ndi apo ngati ikulawa kuti wokoma ndi uti. A Gerevazio anaigwirira tsidya lina la dimbalo, ali wefuwefu. Pobwerera nayo anapeza a Ezara atakhala pabwalo la mlongo wawo, nkhwangwa ili pamiyendo.

"Alamu, sindilankhula zambiri. Ng'ombeyo tiiphe lero, nyama ilipire dimba langa. Apo ayi, njira ya ku Kasina mukuidziwa."

"Dimba ndikukonzerani ndi manja angawa, alamu. Koma ng'ombe sindingapereke. Si yanga."

"Chanu pano n'chiyani?"

Funso limenelo linalowa ngati munga. A Gerevazio anayang'ana akazi awo, poganiza kuti mwina anenapo kanthu. Mayi Jestina analowa m'nyumba. Potuluka anali ndi khasu, bulangete ndi kolona, n'kuziika pakhonde mwaulemu, chimodzichimodzi. Munthu wobadwira kuno safunsa tanthauzo lake.

"Sankhani, bambo a Elena," anatero. "Ine ndatopa kupikisana ndi ng'ombe."

Anthu anali atadzaza pabwalo. A Gerevazio anaima nthawi yaitali, chingwe chili m'manja. Kenako anawerama, kolona m'khosi, bulangete paphewa, khasu kudzanja linali. Koma ku Kasina sanapite. Anangowoloka mtsinje, kukapempha akatekisiti kamalo ka miyala kuseri kwa tchalitchi, n'kumangapo khola ndi kachisakasa. Khola linali lokongola kuposa kachisakasako.

Kuyambira pamenepo munthu uja sanakhalenso pansi. Kukacha ankayamba wapita kukamanga mpanda wa a Ezara, eni ake asanafike, ndipo a Ezara akabwera ankangoti wapindika. Akachoka kumeneko ankatenga ng'ombe n'kuyamba kuyenda nayo m'misasa ya othawa nkhondo, msasa ndi msasa, kufunsa ngati pali woidziwa. Ena ankamuseka, ena ankangomuyang'ana ndi maso a anthu amene anataya zoposa ng'ombe. Anafika nayo mpaka pamsika wa pa Chimbiya. Pachipata anyamata a chipani anamufunsa khadi, iye n'kutulutsa. "Nanga amayiwa lawo lili kuti?" anatero akuloza ng'ombe. Ogula ng'ombe anamuzungulira, kuigwiragwira m'nthiti, koma anawakana onse. Pobwerera ankadzera dala njira yodutsa kuseri kwa nyumba ya mayi Jestina, n'kutsokomola. Chitseko sichinkatseguka.

Mvula inagwa, kachisakasa kanadontha, chimanga chinacha. Tsiku lina, pa msasa wina wa m'munsi mwa phiri, ng'ombe inangoima njii, kenako n'kukoka chingwe mpaka a Gerevazio anagwa chafufumimba. Inakaima pamaso pa mkulu wina wowonda amene ankasema mpini. Dzina lake anali a Ignasio. Sanadikire kufunsidwa.

"Pansi pa mchira ili ndi chipsera. Inapsa ndi moto wa lupsa ili yaing'ono."

A Gerevazio anakweza mchira mwamwambo chabe, chifukwa ng'ombe inali ikunyambita kale mkuluyo m'mutu. Mtima wawo unati myaa. M'maganizo anayamba kuona chitseko cha mayi Jestina chikutseguka.

"Nayi ng'ombe yanu, bambo. Mwana wake ali kuti?"

"Anamudya anthu a mfuti. Koma inu, ndiisunga pati ine? Onani pamene ndikugona. Pano aiba lero lomwe. Bwererani nayo, chonde. Nkhondo ikadzatha ndidzaitenga."

"Itha liti?"

A Ignasio anangotambasula manja.

Choncho munthu amene anapita kukatula katundu anabwerako ndi katundu yemweyo. Chimene chinasintha n'chimodzi. Ng'ombe ija inali itakumana ndi nkhunzi ya eni m'maulendo ake aja, ndipo posakhalitsa inabereka. Kulira kuja kunatha. A Ignasio anagamula okha kuti mkaka azigawana pakati, theka kumsasa, theka kwa wosunga. Tsopano mkaka unali ndi chilolezo. M'mawa uliwonse a Gerevazio ankawoloka mtsinje ndi kachidebe, kukaika pakhonde la mayi Jestina, n'kubwerera osagogoda. Masiku oyamba kankakhala pomwepo mpaka mkaka kusasa. Kenako kanayamba kupezeka kopanda kanthu. Kenako kotsukidwa.

M'mwezi wa chisanu, madzi a mumtsinje akuluma ngati mpeni, mayi Jestina anawoloka. Ena amati chinawatuma ndi chisoni. Ena amati mbatatesi zawo chaka chimenecho, popanda ndowe zija, zinangokhala ngati mazira a njiwa. Ena amanena zina zokhudza kuzizira kwa kuno, zimene sizilembedwa. Anaima pakhomo la kachisakasa, manja m'chiuno.

"Ndiye muno ndi mmene mukukhala? Ngakhale nkhumba ingakane."

"Zinakanadi, mayi a Elena. Zimagona m'khola."

"Musandiseketse, ndakwiya. Mverani. Khola litsale konkuno, lisadzawolokenso. Inu muzigona kunyumba."

"Nanga alamu?"

"Achimwene ndawauza kuti dimba ndi lawo, koma nyumba ndi yanga. Akuti mpanda munamanga uja wapindika, koma mbuzi sizikulowa. Tiyeni."

A Gerevazio anasonkhanitsa zinthu zawo msangamsanga, kuopa kuti mawuwo angabwezedwe. Ananyamuka, mayi patsogolo, iwo pambuyo ngati mwana wa sukulu. Atafika pakati pa mtsinje, mwendo uli pamwala, anaima. Mutu unapendekera kuphiri. Mayi Jestina sanamve kanthu, koma anadziwa.

"N'chiyaninso?"

"Kankhosa. Si ka kuno. Kakumveka ngati kakodwa penapake."

Mayi Jestina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo yowonda ija, imene inali itayamba kale kuvinavina pamwalapo. Anapuma mpweya wautali, n'kutambasula dzanja kulanda mtolo.

"Pitani. Koma bulangeteli ndatenga ine. Mukalifuna mukudziwa kumene lili."

Mawu asanathe n'komwe, munthu anali atalowa kale m'tchire.