Tsiku limene ndinasanduka Abiti Juma

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 2 pasekondale yoyendera pafupi ndi Chiringa. Phunziro la kompyuta tinali nalo ndithu, koma kompyuta yathu inali ya choko. Aphunzitsi ankajambula mabatani pabolodi, ife n'kukopera m'makope, kenako n'kumagogoda zala padesiki ngati nkhuku zikutola chimanga.

Amene anaona mwayi pa vuto lathuli anali Abiti Juma, mayi wachisilamu wogulitsa zitenje ndi sopo pamsika. Mchimwene wawo wa ku Joni anawatumizira malaputopu anayi akale. Iwo sanawagulitse. Anakhoma sola padenga la golosale yawo n'kuyamba kuwabwereketsa kwa ana asukulu, tsiku limodzilimodzi, pa mtengo woti kholo likagulitsako nandolo likwanitse. Kholo linkayenera kubwera lokha kudzaikira mwana umboni. Ndiye panali malamulo. Ankawanena mofanana tsiku lililonse, magalasi ali pansonga ya mphuno, chala chili m'mwamba: samba m'manja, usadyere mango pafupi, usaiike pansi, usaikweze panjinga. Mmodzi akachita chipongwe, ankatero, kalasi yake yonse isadzapondenso pakhomo pawo.

Abambo anga anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pagulu. Ndinawachonderera mwezi wathunthu asanavomere. Loweruka lina m'mawa tinakatenga laputopu imodzi, ndipo ndinaisenza pamutu njira yonse ngati mtsuko wodzaza madzi.

Ndinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ndi msuweni wanga Felista. Dzuwa linali la Okutobala, ndipo phiri la Michesi linkaoneka mwachimbuuzi chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Laputopuyo inkanunkhira sopo wa m'golosale, n'kumatulutsa kamphepo kotentha m'mbali mwake. Ndinalemba dzina langa kambirimbiri mpaka linandikwana. Kenako Felista anadina penapake, nkhope zathu mbee pagalasi! Tinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Posakhalitsa tinatulukira kuti ukadina kadontho kofiira, makinawo amajambula zonse, mawu omwe.

Ine ndinali ndi matenda oyerekeza anthu. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga mpango wa amayi n'kudzikulunga kumutu, ndinapanga magalasi a mapesi n'kuwatsitsira pansonga ya mphuno. Ndinanena malamulo onse a Abiti Juma ndi mawu awo enieni, ndi kachifuwa kawo komwe. Atatha, ndinawonjezera anga.

"Ukafuna kuyetsemula, uyambe wakafika ku Nkhulambe! Ukadya nyemba za kalongonda, usayandikire makina anga masiku atatu!"

Felista anagubuduka m'fumbi, misozi ili chuchuchu. Tinaonera kanemayo mobwerezabwereza mpaka batire inayamba kudandaula. Za kufufuta sitinade nazo nkhawa. Tinkaganiza kuti ukatseka chivundikiro zonse zimachoka, ngati bolodi akalipukuta. Felista, pofuna kutsimikiza, anapukutanso galasilo ndi nsonga ya chitenje chake. Madzulo ndinakaibweza ndi ulemu wonse, mogwada.

Lachiwiri kunabwera uthenga: ndipite kugolosale pamodzi ndi abambo.

Abambo anandikweza panjinga. Njira yonse m'maganizo ndinkaona anzanga a Fomu 2 akuletsedwa kubwereka chifukwa cha ine, mayeso ali pafupi. Ndinkaona dzina la abambo likuyenda pakamwa pa anthu amsika.

Abiti Juma anatipatsa mipando, anatembenuza laputopu kuti itiyang'ane, n'kudina. Mawu anga anadzaza golosale yonse. Amayi awiri amene ankasankha zitenje anasiya n'kusendera pafupi. Pofika pa kalongonda, mmodzi anadziluma mlomo n'kuthawira panja. Abambo anavula chipewa.

"Amayi, ndachita manyazi," anatero. "Mwanayu ndikamulanga ndekha. Chonde musalange anzake."

"Taimani kaye, bambo," anayankha Abiti Juma, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, ine ndimatsokomola choncho?"

"Ayi, amayi."

"Ukunama. Ndimatsokomola choncho kumene."



"Ine kummero kumauma ndi malamulo amenewa, ana samva," anapitiriza. "Dzulo ana atatu anaonera ichi, onse aloweza, ndi la kalongonda lomwe. Ndiye chilango chake ndi ichi: sindifufuta. Ndiika m'makina onse anayi. Aliyense wobwereka aziyamba waonera."

Ndinagwada kupempha kuti bola andikwapule. Anakana. Anangowonjezera kuti, poti ndawagwirira ntchito, Loweruka lililonse laputopu imodzi izikhala yanga ulere mpaka mayeso.

Pobwerera ndinaona mapewa a abambo akugwedezeka. Njinga inayamba kuyenda mokhotakhota mpaka tinatsala pang'ono kulowa m'munda wa chinangwa. Nditafunsa, anati msewu ndi woipa.

Kuyambira sabata imeneyo dzina langa linatayika. Kusukulu, kumjigo, ngakhale kukwaya, ndinali Abiti Wamng'ono. Ana ankabwera kuchokera ku Fort Lister kudzabwereka, ena mwina pofuna kungoona mtsikana wa magalasi a mapesi. Chaka chisanathe, malaputopu anayi aja anali atawonjezekera.

Lero zinthu zinasintha. Obwereketsa malaputopu achuluka, ndipo ena amapereka kwa teremu yonse, kholo n'kusaina pepala la malamulo limene palibe amaliwerenga. Ana a masiku ano amayamba kudziwa kufufuta asanadziwe kulemba dzina lawo. Amapalamula m'mawa, pofika masana umboni palibe. Sindikudziwa ngati ndiziwachitira nsanje kapena chisoni, chifukwa ife zolakwa zathu zinkakhala poyera, ndipo akuluakulu anali ndi nthawi yosankha chochita nazo.

Mwezi watha ndinapita kukawaona Abiti Juma. Akalamba, ndipo bizinesi akuyendetsa ndi mdzukulu wawo. Ndinawauza kuti ndapeza banja, chinkhoswe chili pafupi. Kenako, ngati zongocheza, ndinafunsa ngati makina akale aja alipobe.

"Anafa kalekale, mwanangu," anatero.

Ndinapuma mpweya wautali.

"Koma kanema ndinasamutsa. Undiuze tsiku la chinkhoswelo, akuchimuna akudziwe bwino."