Mpira Umene Ndinaulumpha ku Ulongwe

Ndikukumbukira bwino lomwe, ndipo munthu asanditsutse, kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinachotsetsa a Pulofesolo Venansiyo, mphunzitsi wathu, pa sikola ya mishoni ya kwathu, kufupi ndi Domwe. Munali m'zaka za m'ma 1950, Ulongwe akadatchedwa Vila Coutinho. Sikola sindinapite nayo patali, koma mutu wangawu sunataye kanthu. Ine Alifonso ndinali kapitau wa mpira. Ndinali wamtali kuposa anzanga onse, ndipo ndikakuwa pa kampu, bwalo lathu la mpira, ng'ombe za kudambo zinkatukula mitu. Ndikamenya mpira ndi phazi ili lamanja, lopanda nsapato, wapagolo ankayamba waphimba nkhope. Si kudzitama ayi, kafunseni amene atsala.

Koma ekipa yathu, timu ya sikolayo, inkangogonja. Tikapita ku Ulongwe, kugonja. Akabwera anyamata a kutsidya kwa malire, a ku Dedza, kugonja pakhomo pathu pomwe, alongo athu akuonerera. Kaseweredwe kathu kanali ka kubusa. Akuluakulu kutsogolo, ana kumbuyo, ndipo mwana akapeza mpira ankaufunira mkulu wake, monga achitira akapha mbewa yonona. Woti aone kuti uyu amatha chiyani panalibe. Tinkangoyang'ana msinkhu.

A Padiri, mzungu amene ankayang'anira mishoni, mpira sankaudziwa, koma manyazi ankawadziwa. Ndiye anapereka ekipa kwa a Pulofesolo Venansiyo, mphunzitsi wachinyamata wakuda ngati ife, amene anakhalapo ku Beira n'kuona mmene amasewerera kumeneko. Anali munthu wochepa thupi, wosachedwa kuseka, pito yoimbira mpira ili lende pakhosi. Akazi awo ankadwala chifuwa chosatha. Ankakhala m'kanyumba ka njerwa pafupi ndi masisiteri, amene ankawapatsa mankhwala m'mawa uliwonse. Tikamapita ku Misa tinkawamva akutsokomola.

Tsiku loyamba a Pulofesolo anatindandalika kuseri kwa nyumba yopalira matabwa, natiuza kuti aliyense amenye mpira kukhoma ndi phazi lamanzere. Tinayang'anana.

Inu ana a masiku ano simungamvetse msanga. Kwathu manzere silinali dzanja lopatsira munthu kanthu. Linali dzanja la kuthengo. Mwana akatambasula manzere m'mbale, mthiko unkatera pa zala. Kupatsa mkulu wako chinthu ndi manzere kunali ngati kumutukwana. Tsono ife tinkati chimene chili ku dzanja chili ndi ku phazi komwe. Palibe wamkulu amene anatiuza zimenezo, paja mpira unali chinthu chachilendo. Tinadziweruzira tokha, ndipo amene ankakuwa kwambiri poweruzapo ndinali ine.

M'ekipamo munali Zuze, mwana wa amayi anga aang'ono, ndiye kuti mng'ono wanga weniweni. Iye anabadwa wamanzere. Ali wamng'ono ankam'manga dzanja limenelo kumbuyo ndi luzi kuti aphunzire kudyera lamanja, ndipo anaphunzira. Pa kampu nayenso ankamenya ndi phazi lamanja ngati tonsefe, mpira n'kumangopita kumene wafuna wokha. Tinkamuyesa wopanda pake, tikumuika kumbuyo kwenikweni. Koma tsiku limenelo atafika pakhoma paja, mpira unalira mwina. Unagunda njerwa n'kubwerera pa phazi pake ngati waitanidwa. A Pulofesolo analiza pito.

"Iwe, tabwereza."

Zuze anabwereza, ndipo mpira unagunda njerwa yomwe ija.

"Mwendo umenewu unkaubisa kuti?"

"Amandiletsa, a Pulofesolo."

Kuyambira pamenepo anamuchotsa kumbuyo, namuika kutsogolo kumbali ya kumanzere, pafupi ndi ine. Ntchito yake inali kuthamanga m'mphepete n'kunditumizira mpira pakati.

Ine sindinabise mawu. Ndinaima pamaso pa onse n'kunena kuti, "A Pulofesolo, mwanayu ndi mng'ono wanga. Sangandipatse mpira ndi manzere."

Iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Alifonso, kodi mpirawo uudya? Ngati wakudetsa ukasambe tikamaliza. Za kumudzi uzizisiya kumudzi."

Anyamata onse anaseka, ndi tiana tomwe timene ndinkatituma madzi. Apa ndiye ndinene mosapsatira, a Pulofesolo analakwa. Munthu wamkulu thupi ngati ine, kapitau, sasekedwa pagulu. Akananditengera pambali, mwina ndikanamva. Koma kulakwa kwawo kunali kwa tsiku limodzi. Kwanga kunatenga miyezi.

Ndinasonkhanitsa anzanga akuluakulu anayi, tinapangana kuti mpira wa Zuze ukabwera ndi manzere tiziuleka udutse. Tinkachitadi. Mwana uja amalimbana, kudutsa anthu awiri, kutumiza mpira wabwino, ife n'kumangokanda m'mutu kapena kuwerama ngati tabayidwa ndi minga. Tsiku lina tikupita kumudzi madzulo, anandiyandikira mwamantha.

"Achimwene, nditani ine? Ndikamenya ndi phazi lamanja, a Pulofesolo aliza pito. Ndikamenya ndi manzere, inu simundilankhula."

"Pulofesolo ndi mlendo, adzachoka," ndinatero. "Ine ndine mkulu wako mpaka kumanda. Usankhe wekha."

Anangoti zyoli. Mawa lake anayesa kumenya ndi lamanja, pito inalira, iye n'kuima pakati pa kampu misozi ili lengelenge.

Chimene sindinkafuna kuvomera ndi chakuti ana aang'onowo ankasintha. Ndinkaona ndi maso angawa. Anaphunzira kuimitsa mpira, kupatsirana pansi, kuyang'ana mnzawo asanamenye. Kale mpira ukabwera tonse tinkauthamangira ngati nkhuku pa madeya, koma tsopano aliyense anali ndi malo ake. Kungoti mpira ukafika kutsogolo, kumene kunali ife akuluakulu, unkafera pomwepo. Tinagonjanso kawiri, ndipo anthu anayamba kunena kuti za ku Beira zija n'zachabe.

A Padiri analeza mtima mpaka anatopa. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anatiimika tonse, a Pulofesolo ali pomwepo, nanena kuti pa fesita, tsiku la chikondwerero likubweralo, tikasewera ndi sikola ya ku Ulongwe, ndipo tikakagonjanso, mphunzitsiyo amutumiza ku kasikola kena ka kuthengo, ulendo wa masiku awiri pansi. Tonse tinkakudziwa kumeneko. Kunalibe njerwa, kunalibe sisiteri, kunalibe mankhwala. A Pulofesolo sanaseke tsiku limenelo. Anangoyang'ana kunyumba kwawo.

Tsiku la fesita kunazizira, mwera ukuomba fumbi lofiira m'maso. Anthu anadzaza kuzungulira kampu ya ku Ulongwe. Amalume anga, amene ankatilera tonse ine ndi Zuze, anabwera pa njinga ndi anzawo a kumudzi, naima pafupi ndi golo atafunda bulangete. A ku Ulongwe anamwetsa chigoli chimodzi tisanatuluke n'thukuta lomwe. Ndinati basi, zayambika. Koma tiana tathu tija tinalimba kumbuyo. Anyamata a ndevu ankabwera, tiana n'kuwalanda mpira mwaulemu, kupatsirana, kuutulutsa. Anthu a ku Ulongwe omwe anayamba kutiombera m'manja. Tikanangobweza chimodzicho, kufanana mphamvu, a Padiri sakanachotsa munthu.

Dzuwa litapendeka, nthawi itatsala pang'ono, Zuze analandira mpira m'mphepete. Anadutsa woyamba, wachiwiri anagwa chagada, wapagolo anatuluka kukamutsekera. Ine ndinali ndekha pakati, golo ili pululu ngati khomo la khola m'mawa. Zuze anandiyang'ana. Ndinaona kuti akufuna kusintha phazi, koma nthawi inalibe. Anatumiza ndi manzere. Mpira unabwera pansi, wofatsa, molunjika pa phazi langa lamanja. Ngakhale nkhalamba ikanaukankha ndi ndodo n'kumwetsa.

Ndisanamizire tsoka kapena fumbi. Nthawi yoganiza ndinali nayo. Ndinaona amalume ataima apo, ndinakumbukira kuseka kuja, ndipo ndinatukula phazi, mpira n'kudutsa pansi pake kupita kunja. Kenaka ndinakuwa ndi mawu anga onse, "Ndi lamanja, mwana wopanda mwambo iwe!"

Kenaka a ku Ulongwe anaphulika kuseka. Posakhalitsa mpira unatha.

Ndinapita kwa amalume chifuwa chili patsogolo, ndikuyesa kuti andiyamikira posunga mwambo pamaso pa anthu. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mphwanga, tapalasa njinga mtunda wonsewu kudzaona iwe ukulumpha mpira?"

"Anandipatsa ndi manzere, amalume."

"Manzere a mwendo? Kodi iwe ukamayenda, winawo umausiya kunyumba?" Anzawo aja anaseka, iwo osaseka. "Mwambo wa m'mbale ndimaudziwa. Uwu wa mapaziwu waupanga wekha." Anakwera njinga n'kumapita.

Mumve bwino pamenepa, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Pofika m'mawa mwake ndinali nditadziwa kale kuti ndinalakwa, ndiponso kuti mwambo umene ndinkabisalamo kunalibe. Ndiye a Padiri anandiitanitsa m'chipinda chawo cholemberamo. Munkanunkha fodya wa kaliwo ndi makandulo. Iwo sanapite ku Ulongwe, anangomva kuti tagonja, ndipo zinkaoneka kuti mtima wawo sunafune kwenikweni kuchotsa munthu wa mkazi wodwala. Anandifunsa m'Chinyanja chawo chopindika chija.

"Kapitau, iwe unali m'kati. Undiuze zoona. Cholakwika chili kwa anyamata kapena kwa mphunzitsi?"

Mawu ochepa okha akanakwana. Ndikanati, ndine, ndinaulumpha dala. Akanandimenya mbalamatodya m'manja, thabwa la mabowo lija, manja n'kutupa sabata imodzi, n'kuphwa. Koma ndinaganiza za ukapitau wanga, ndi mmene tiana tija tikanandiyang'anira. Ndinakweza mawu ngati ndili pa kampu.

"Ndi a Pulofesolo, a Padiri. Amaphunzitsa ana kunyoza akuluakulu."

A Padiri anaika cholembera pansi. Za mpira sanafunsenso. Ine pa msinkhu umenewo sindinkadziwa kulemera kwa mawu amenewo m'makutu a mzungu wa nthawi imeneyo, kumva kuti mphunzitsi wakuda akuphunzitsa ana kusaopa amene ali pamwamba pawo. Anangoti, "Pita."

Patatha sabata, ngolo ya ng'ombe inaima pa kanyumba ka njerwa kaja. Anakweza mphasa, mpando umodzi, bokosi la mabuku ndi miphika. Akazi awo anawagoneka pamwamba pa matumba atawafunditsa mabulangete awiri, sisiteri wina n'kuwapatsira kabotolo ka mankhwala kamene sikakanatha mwezi. Ana a sikola anaima chapatali. Ine ndinabisala kuseri kwa mtengo wa pichesi, koma munthu wamtali sabisala.

"Alifonso, tabwera."

Ndinapita. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero.

"Tsiku lija ndinakuseka pamaso pa anzako," anatero. "Ndinalakwa. Ndinathamangira kukonza phazi ndisanamudziwe mwini phazi." Anavula pito ija pakhosi n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati akupatsa munthu wamkulu. "Ana awa ayamba kutha. Usawabweze kumbuyo. Ndipo Zuze umuleke asewere."

Ndinailandira pito ija. Ngolo inanyamuka, ndipo chifuwa chija tinachimva mpaka atakhota pa mlatho.

Ekipa inatsala m'manja mwanga, ndipo ndinachita zomwe anandiletsazo. Akuluakulu kutsogolo, ana kumbuyo. Zuze sindinamuletse ndi pakamwa, koma sanabwerenso pa kampu. Ankati bondo likumuwawa. Tinagonja koposa kale, ndipo mvula isanagwe a Padiri analamula kuti kampu ilimidwe. Anadzalapo mbatata ya kachewere, inabereka bwino ndithu. Chaka chotsatira ine ndinasiya sikola n'kuyamba kulima. Dzinja lachiwiri tinamva kuti akazi a Pulofesolo amwalira kuthengo kuja. Chifuwa chimenecho chinkapha anthu ngakhale pakhomo pa masisiteri pomwe, ndipo mwina akanapitabe. Mawu amenewa ndadziuza zaka zambirimbiri, koma sakhazikika.

Anthu akandifunsa lero ngati a Venansiyo anali mphunzitsi wabwino wa mpira, ndimati pa masewero onse amene anatitsogolera sitinapambane ndi kamodzi komwe, ndipo sindinaonenso mphunzitsi woposa iwo. Ankaona chimene chili mwa mwana, chimene ife abale ake tinachimanga ndi luzi. Mbewu yawo inali itamera, kungoti inali isanafike poti munthu wodutsa pamsewu aione. Amene akanaichitira umboni ndi ife amene tinali m'mundamo, ndipo amene anafunsidwa ndinali ine.

Ndaona aphunzitsi ambiri akuchotsedwa chifukwa ana sakupambana, ndipo nthawi zonse pamakhala wina wa m'kati amene amafunsidwa kuti cholakwika chili pati. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti munthu ameneyo, asanaweruze womuphunzitsa, ayambe wanena chimene iye mwini anakana kuphunzira. Ine sindinanene. A Pulofesolo anakhala kuthengo kuja zaka zambiri, ulendo wa masiku awiri okha, ndipo ndayenda maulendo otalika kuposa pamenepo kukagula ng'ombe. Sindinapite. Ndanena lero iwo atatisiya kale, oti andikhululukire kulibe.