Bulangete la Mkamwini

Apongozi anga anandichenjeza ndili mtengwa watsopano, pa komboni ya famu ya fodya ku Matepatepa. Kunabwera munthu wojambula zithunzi za zitupa, ndipo anatindandalitsa pakhoma la balani. Iwo anandikoka chitenje nati, "Mwana iwe, munthu akakulozetsa kamera uziyang'ana pansi. Chithunzi chimakafika kumene iwe sunafikeko, ndipo kumeneko sungadziyankhire." Ndinawamvera mpaka imvi. Pazithunzi za maukwati a ana anga mudzangoonapo duku langa.

N'chifukwa chake mdzukulu wanga wamkazi, amene amagwira ntchito mu ofesi ya mgodi kuno ku Bindura, atafika kwathu ku lokeshoni ya Chiwaridzo kamera yatsopano ili pakhosi, ndinamuuza kuti aisiye pakhomo pamodzi ndi nsapato.

"Gogo, iyi ndi fulufelemu," anatero m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona. "Diso lake la m'kati ndi lalikulu ngati filimu yakale ija. M'nyumba mukhale mdima, imaona bwinobwino popanda kuthwanimira anthu m'maso. Imatenga chipinda chonse, ndipo mukakulitsa pakona chithunzi sichisungunuka. Kale zinali za anthu a masitudiyo okha. Pano zatsika mtengo, ngakhale ine wongojambula zokonda ndakwanitsa."

"Zatsikiranji? Wakugulitsayo akudziwa chimene chawola m'katimo."

Anangoseka. Ana a matchalitchi oimba ndi magitalawa amaseka chilichonse.

Nyengo yozizira itafika, anamwalira mnzanga wa gulu la amayi a kutchalitchi kwathu. Kuno tinatengera mwambo wa eni dziko: mkamwini amagula bulangete latsopano loti liyalidwe pabokosi m'manda, kuti apongozi ake asapite osafunda. Mkamwini wa malemuyo anabweretsa lolemera, labulauni, lokhala ndi mpendero wofiira. Anandipatsa ine kuti ndisunge, poti ndine wamkulu pagulupo. Ndinalipinda n'kuliika kumutu kwa bokosi. M'mawa, anthu atayamba kuona nkhope, ndinatuluka pang'ono kukathandiza mlongo wa malemu amene anakomoka pabwalo.

Titafika kumanda, azibambo anaitanitsa bulangete. Panalibe. Mnzanga anakwiriridwa ndi chitenje chobwereka. Mayi wapampando wa gulu lathu, amene takhala naye benchi imodzi zaka zosawerengeka, ananena mokweza kuti aliyense amve, "Agogo, kuzizira kwa chaka chino kwatilowa tonse, koma osafika polanda akufa."

Lachinayi lotsatira anandivula yunifomu. Bulauzi yoyera ndi duku, zimene ndinalamula ana anga kuti adzandiveke m'bokosi, anazipinda pamaso panga n'kuzitsekera m'kabati. Mayi wochotsedwa m'gulu akamwalira, anzake samuimbira, samunyamula. Pamsika ndinkamva ana akuitanizana, "Gogo wa gumbeze uyo!" Gumbeze ndilo bulangete m'Chishona.

Mdzukulu uja anali atajambula pamaliropo, abale a ku Joni atamupempha. Tsiku lina masana anabwera ndi kompyuta yake, nkhope itagwa. M'chipinda cha maliro chija makatani anali otseka, magetsi atathima. Zojambula pafoni zinangotuluka mithunzi. Koma chithunzi cha kamera yake chinaonetsa zonse: bokosi pakati, makandulo, misozi pamasaya, ngakhale ulusi wa mphasa. Anakulitsa pakona ya kumanzere, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Apo panali mayi wapampando, msana kwa anthu, akutuluka ndi mtolo wokulunga m'chitenje chake. Pansi pa mtolowo pankalendewera mpendero wofiira.

"Gogo, tiwaitane pambali, apepese, muwakhululukire. Mulungu amafuna choncho."

"Ukhululuke ndiwe, amene sanakuvule. Anandinena pambali iye?"

"Nhai Gogo!" anadandaula m'Chishona.

"Kachitsukitse chithunzicho. Chachikulu, cha galasi. Usadule, usakulitse, usaike mivi. Chikhale mmene chinthu chakocho chinaonera."

Ndinadikira. Ndinkamupatsa moni mayi uja pa mpopi, ndinkamufunsa za bondo lake. Tsiku lina ndinamupatsa mbewu ya maungu. Ankalandira ndi manja awiri, akundimvera chisoni, ine ndikumuyang'ana pakhosi pamene mtsempha umagunda.

Linafika tsiku la nyaradzo, mwambo wopepesa anamfedwa maliro akapita, pamene amagawanso zovala za malemu. Anthu anadzaza pabwalo, mkamwini uja atakhala kutsogolo pafupi ndi abusa. Ndinafika nditavala deresi wamba, chithunzi chili chokulunga m'nsalu. Ena anasunthira kutali kuti ndisawakhudze. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, n'kunena kuti ndabweretsa mphatso ya banja. Ndinati manja anga akunjenjemera, ndiye amayi athu apampando andithandize kuchivundukula ndi kuchionetsa kwa anthu.

Munthu wokonda kutsogolo sakana. Anachinyamula pachifuwa, akuzungulira nacho bwalo lonse, akumwetulira mwachisoni. Anthu ankalozerana: uyo ndi mchemwali, awo ndi azakhali, taonani maluwa mmene atulukira. Atafika pa mkamwini, mwamunayo anaweramira pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika chala pagalasi.

"Amayi, chitenjechi si ndicho mwavala lerochi?"

Chinali chomwecho. Sindinayembekeze mwayi umenewo, ndipo ndimathokozabe. Mayi uja anatembenuza chithunzi kuti aone yekha, n'kugwa pansi. Abusa anawakha galasi lisanasweke. Palibe amene anawakha iye. Ine ndinakhala pamphasa n'kupempha tiyi.

Yunifomu anandibwezera ikununkha mankhwala a mphemvu. Bulangete linapezeka pabedi pa mayi uja. Anabwera kwathu ndi abusa kudzapepesa, ndinawalandirira pageti, ndipo pageti pomwepo anabwerera. Anthu amati ndaumitsa mtima. Mnzanga akadali m'manda ndi chitenje chobwereka, ndiye mtima wanga ufewere chiyani?

Kwa inu okonda kujambula, amene mumafunsa mdzukulu wanga ngati kamera yotereyi ili yoyenera, ine ndikuti gulani. Nkhope za pakati aliyense amaziona ndi maso ake. Iyi imasunga za m'mphepete, za mumdima, kumene anthu amaganiza kuti ali okha.

Koma chichitikireni izi, amayi a gulu amandipatsa moni mano ali pamodzi, aliyense akudzifunsa kuti zithunzi zina zili ndi chiyani. Ana aamuna a mayi uja, amene amakumba golide ku Shamva, ayamba kudutsa mumsewu mwathu pang'onopang'ono, pamene kwawo si njira imeneyi. Sabata yatha ndinapeza mbale ya mbatata yophika pakhonde, yopanda mwiniwake. Ndinakaikwirira kuseri. Mdzukulu amabwera Loweruka lokha, ndipo ndimagona ndekha.

Choncho mukatsika kombi ku Chiwaridzo, funsani nyumba ya geti la buluu imene ili ndi mtengo wa mapeyala. Mukaona makatani ali otseka dzuwa litakwera, gogodani ndithu. Imani pamene ndingakuoneni pazenera, nenani kuti ndinu mwana wa yani, ndipo musabweretse chakudya. Ndikayankha, mukhoza kupitiriza ulendo wanu.